Mmene Ndinatsala Pang'ono Kupha Udokotala wa Zelipa

Mukadzamva ku Chilenje kuti kuli mdala wina amene mwana wake womubala yekha anamuletsa kuyandikira mpanda wa sukulu iliyonse ya mu Lusaka, musavutike kufunsa nambala ya nyumba. Ndine. Chiletsocho chikadalipo mpaka lero, ndipo amake Zelipa amachilondera ngati galu wa kwa olemera a ku Kabulonga. Koma poti nkhaniyi anthu akuikamba mokhotetsa pa msika, ena mpaka akuti ndinamenya pulofesa ndi ambulera, ndati bola ndiifotokoze ndekha.

Zelipa ndi mwana wanga wachitatu. Amakhala ku Chelstone ndi mwamuna wake, ndipo ndi wachiwiri kwa ahedi pa sukulu ina ya pulayimale ku Kabwata. Panthawi imene ndikunenayi anali atatha zaka zinayi akuphunzira udokotala pa yunivesite, masana kuntchito, madzulo mabuku. Si udokotala wa jakisoni ayi (ndinayesapo kumuonetsa bondo langa, anandilozera ku kiliniki). Dzina la maphunziro akewo pa Chizungu ndi lalitali ngati sitima ya katundu. M'chinenero chathu anandimasulira chonchi: kodi otsogolera sukulu aziiyendetsa bwanji pamene m'kalasi imodzi mwakhala mwana wolota m'Chibemba, wina m'Chitonga, wina m'Chilozi, wina m'Chiswahili cha ku Kongo, ndipo ngakhale wolota m'Chinyanja, Chinyanja chake n'cha mumsewu, chosiyana ndi cha m'buku?

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, kwathu ku Katete. Koma musandione choncho. Ndinagwira umesenjala m'maofesi a boma zaka makumi atatu, ndipo mafayilo a anthu ophunzira ndawapanira m'khwapa ochuluka kwambiri moti maphunziro ena analowera momwemo.

Tsiku lina Lamlungu, titaweruka ku tchalitchi, Zelipa anafika ndi chikwama chake cha mapepala.

"Atate, ndili ndi pempho. Inu mumadziwana ndi aliyense kuno. Ndikufuna anthu anayi olera ana a sukulu, a zilankhulo zosiyana, kuti ndidzacheze nawo Lachinayi m'mawa ku Kabwata."

"Ndiye ndikawauze chiyani?"

"Palibe. Muwaitane chabe."

"Chabe?"

"Chabe, Atate. Akambe zimene zili mumtima mwawo. A Pulofesa amene amayang'anira maphunziro anga adzabwera kudzaonerera mmene ndimafunsira."

Mawu akuti kudzaonerera aja ndi amene anandiutsira chiwanda. Inu ana a masiku ano simudziwa. M'nthawi yathu, uthenga ukafika woti kukubwera woyendera sukulu, maphunziro ankaima sabata yathunthu. Tinkasesa mpaka pansi pa mitengo, miyala tinkaipaka laimu, ndipo aphunzitsi ankatiloweza mayankho m'mutu ndi ndodo. Lamulo linali loti mlendo akafunsa funso, manja onse m'mwamba: wodziwa akweze lamanja, wosadziwa akweze lamanzere, aphunzitsi adziwa okha woloza. Ndipo mlendo akafunsa ngati tinakonzekera, tonse tikane. Umu ndi mmene sukulu inkapulumukira. Ine ndinakula ndikudziwa kuti munthu wamkulu akamabwera kudzaonerera, kumusiyira anthu osakonzeka ndi kupereka m'bale wako kwa afisi.

Zelipa atalowa kukhitchini kukathandiza amake, chikwama chija anachisiya pa tebulo chili chotsegula (ndikubwereza: chotsegula, sindinathyole kanthu). Pamwamba penipeni panali pepala la mafunso asanu. Ndinachotsa kalendala ya chaka chatha pakhoma, n'kukopera onse kuseri kwake ndi pensulo, khutu lili kukhitchini.

Madzulo amake Zelipa anandipeza ndikuyenda uku ndi uku pabwalo, kalendala ili m'manja.

"Atate a Zelipa, mwana wati muitane chabe."

"Ndamva."

"Mwamva ndi makutu. Miyendo yanuyo sinamve."

Anthu anayi ndinawapeza Lolemba lisanafike pakati. Woyamba ba Mulenga, Mbemba, dalaivala wa basi wopuma, mnzanga wa nsolo amene amaba ndikayang'ana kumbali. Amalera adzukulu awiri, amene amawaitana kuti Shikulu, ndiye kuti agogo pa Chibemba. Wachiwiri ba Sitali, Mlozi, mkulu wa mpingo wa Sabata, munthu womanga tayi ngakhale pokagula tomato. Wachitatu mayi Moonga, Mtonga, woweta nkhuku kuseri kwa nyumba yathu. Wachinayi Mama Kabedi, wochokera ku Kongo, amene amagulitsa zitenje ku City Market ndipo amalera mdzukulu wamkazi. Onse ndinawauza kuti Lachiwiri masana abwere kwathu tidzangoonana pang'ono.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ine ndinatenga mpando wamanja, kandodo m'dzanja, n'kuwerenga funso loyamba: mwana wanu atayamba sukulu, nkhani ya chilankhulo inamuyendera bwanji?

Ba Mulenga anayamba.

"Mudala, ine nikambe chabe zoona. Ba ticha bakamba Chinyanja cha mu buku. Mwana abwela kunyumba ati, 'Shikulu, sininamveko olo chimozi.' Namufunsa, 'Manje wenze kuchita chani siku yonse?' Ati, 'Nenze kupenda ndeke pa windo.' Ndeke aziziba zonse, mudala. Kubelenga ziii."

Ndinati m'mtima, ameneyu atiphetsa. Ndinaloza ba Sitali, poganiza kuti munthu wa tayi akonza zinthu.

"Ine nifuna Chizungu chabe," anatero. "Silozi nizamupunzisa neka kunyumba. Munaonapo muntu bamupasa nchito ku banki chifukwa akamba bwino Chinyanja?"

Mayi Moonga anati iwo kumisonkhano ya makolo anasiya kupitako, chifukwa ahedi amayankhula Chizungu ola lathunthu, kenako n'kufunsa ngati pali funso, anthu akuyang'ana nsapato zawo.

Ndiye kunabwera Mama Kabedi. Chinyanja chawo n'chothyokathyoka, chodzaza Chiswahili, koma tinamva zonse. Mdzukulu wawo anakhala m'kalasi miyezi itatu osatsegula pakamwa. Tsiku lina anafuna kupita kuchimbudzi, koma sanadziwe kuti apemphe ndi mawu ati. Anadzigwira mpaka kulephera. Ana anzake anaseka, ndipo kuyambira pamenepo Lolemba lililonse mwanayo amadzuka akuti m'mimba mukupweteka.

Ngakhale ine nkhaniyo inandikhudza, ndisaname. Koma posakhalitsa mesenjala wa mwa ine anadzuka. Ndinaganiza: pulofesa akamva zimenezi adzati sukulu za kuno n'zowola, ndipo wachiwiri kwa ahedi amene wakhala patsogolo pakeyu ndi mmodzi wa owoletsa. (Mdzukulu wa Mama Kabedi sankaphunzira n'komwe pa sukulu ya Zelipa. Zimenezo ndinaziganizira mochedwa, monga zambiri m'nkhaniyi.)

"Abale anga," ndinatero, "zimene mwakambazi n'zoona, koma kabudula wong'ambika sitiyanika kumsewu. Kukubwera pulofesa. Mukufuna mwana wanga alephere?"

Onse anati ayi.

"Ndiye tiyeni tigwire ntchito."

Mayankho ndinawapeka ndekha, n'kuwalemba pansi pa funso lililonse. La funso loyamba ndi limene ndinkalinyadira: "Chilankhulo chilichonse ndi duwa, ndipo sukulu yabwino ndi munda umene maluwa onse amathiriridwa mofanana." Ba Sitali anafunsa ngati sikungakhale bwino kuti aliyense akhale ndi yankho lakelake. Ndinawaseka. Pa mayeso, yankho lokhoza limakhala limodzi. Anayi akafanana ndiye kuti anayi akhoza. Zimenezi n'zofunika digiri?

Tinaloweza Lachiwiri mpaka dzuwa kupendeka, Lachitatu tinabwereza. Ndinkamenya kandodo pa tebulo katatu pa mawu akuti "mofanana" kuti alowe bwino. Ba Mulenga ankangoti maluwa "amasililidwa", mayi Moonga ankathamangira kukaona nkhuku pakati pa chiganizo, koma Mama Kabedi, aa, mutu wa mayi uja ndi wakuthwa. Anameza Chichewa changa cha ku Katete chonse, osasiya ndi fupa lomwe. Pomaliza ndinawaphunzitsa chinthu chachikulu.

"Akakufunsani kuti kodi wina anakuphunzitsani, muziti chiyani?"

"Iyayi, awa ndi maganizo athu!"

"Sindinamve!"

"Iyayi, awa ndi maganizo athu!"

Amake Zelipa anasuzumira pawindo, n'kupukusa mutu, n'kutseka katani.

Lachinayi tinakwera minibasi ya ku Kabwata tonse asanu, titavala ngati tikupita kukapereka malowolo. Sukulu inali pa holide, bwalo lili mbee. Zelipa anatilandira akumwetulira, ndipo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Zikomo, Atate." (Mawu amenewo ndiwasunge bwino, chifukwa anatenga nthawi kuti ndiwamvenso.) A Pulofesa anali mayi wamfupi wa imvi, atavala nsapato za nsalu, opanda ngakhale chikwama chooneka chaulemu. Anatipatsa moni m'Chinyanja cha m'tauni ngati munthu wa pa Chilenje pomwepa. Anzanga anasayina mafomu ovomera kufunsidwa, kamakina kojambula mawu anakaika pakati pa tebulo, ndipo ine ndinakoka mpando.

"Atate, inu simungakhalemo. Ndinu wachibale."

"Ndingokhala kumbuyo, ngati khoma."

"Khoma silitsokomola. Kadikireni panja."

Ndinatuluka mwaulemu, n'kuzungulira kuseri kwa kalasi. Kumeneko kunali thanki ya madzi pafupi ndi windo losweka galasi limodzi. Ndinaima pamenepo, mwendo uwu ukatopa ndisinthe uwo, ngati ndine ndikulemba mayeso.

Zelipa anafunsa funso loyamba mofatsa. Ba Mulenga anaimirira, manja m'mbali ngati msilikali.

"Khalani pansi chabe, ba Mulenga, tikungocheza."

"Iyayi mayo, niimilile." Anakonza pakhosi. "Chilankhulo chilichonse ndi duwa, ndipo sukulu yabwino ndi munda umene maluwa onse amathiriridwa mofanana."

Anakhoza! Ngakhale "amathiriridwa" anatuluka wathunthu. A Pulofesa anagwedeza mutu n'kulemba kanthu m'kabuku. Ine kuseri kwa thanki ndinavina pang'ono ndi mapewa.

Mayi Moonga anaimirira n'kunena chimodzimodzi. Cholembera cha a Pulofesa chinayenda pang'onopang'ono. Ba Sitali anaimirira, anakonza tayi, n'kunena chimodzimodzi, chala chili m'mwamba ngati akulalikira. Cholembera chinaima. Ndinaona khosi la Zelipa likuuma.

Kenako Mama Kabedi. Mayi amene pa moni pomwe anali atasakaniza zilankhulo zitatu anatsegula pakamwa n'kutulutsa Chichewa cha agogo anga, chosalala ngati mwala wa mumtsinje. Atafika pa "mofanana" anamenya desiki katatu ndi chala. Go, go, go.

Zelipa anayesa kupulumutsa zinthu.

"Zikomo. Koma mungandipatseko chitsanzo? Chinthu chimene chinachitikira mwana wanu weniweni?"

Chitsanzo sitinakonzekere. Anayi onse anayang'anana, kenako maso awo anayamba kusakasaka mawindo. Ine ndinabwerera kuseri kwa thanki.

"Chisanzo," anatero ba Mulenga potsiriza, "ni maluwa."

Funso lachiwiri linayenda momwemo, anayi yankho limodzi. Lachitatu, mayi Moonga anasokoneza n'kupereka yankho la funso lachinayi, lomwe linali lisanafunsidwe, ndipo ba Sitali anawadzudzula poyera kuti, "Imwe, iyo ni ya kusogolo." Apo ndi pamene a Pulofesa anatseka kabuku kawo, n'kufunsa ndi mawu ozizira:

"Nifunseko. Kuli muntu anakupunzisani mayankho aya?"

"Iyayi, awa ndi maganizo athu!"

Onse pamodzi, ngati kwaya ya pa Isitala. Ndikuuzeni zoona, manja anga anatsala pang'ono kuwomba okha.

A Pulofesa anazimitsa kamakina, anathokoza anthu mwaulemu, n'kuitanira Zelipa pakhonde. Khondelo linali pafupi ndi thanki yanga. Anayankhula Chizungu, motsitsa, koma Chizungu cha mavuto ndimachidziwa, ndachinyamula m'mafayilo zaka zambiri. Anati anthuwa awerengeratu mafunso ndipo apatsidwa mayankho. Anati kuphika zotsatira za kafukufuku ndi mlandu waukulu kuposa yonse pa yunivesite. Anati iwo sangabise, pofika Lolemba ayenera kulembera komiti, ndipo komiti ikapeza kuti ndi Zelipa anachita, maphunziro athera pomwepo, zaka zinayi zonse, ndipo dzina likaipa kumeneko limakafikanso kuntchito. Anamufunsa kawiri ngati ali ndi chonena.

Zelipa anangoti, "Sindinawaphunzitse ine." Basi. Sanawonjezere.

Galimoto ya a Pulofesa itatuluka pa geti, mwana wanga sanafunse aliyense kumene ndili. Anabwera molunjika kuseri kwa thanki.

"Atate, maluwa aja ndinawamva pa ukwati wanga. Munati banja ndi munda."

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Zaka zinayi, Atate."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatenga chikwama chake n'kupita, msana uli chilili. Ndili chiimire choncho, ba Mulenga anatulukira akupukuta thukuta, nkhope ili ngwee.

"Shani, mudala? Tapasa?"

Lachisanu ndinadzuka ngati munthu wokhala pa nyerere. Ndikakhala pampando, ndiimirire. Ndikafika pa geti, ndibwerere. Foni ya Zelipa ndinaimba kasanu ndi kawiri, ikungolira. Ndinayamba kudzitonthoza kuti mwina auza a Pulofesa kuti ndi ine, nkhani n'kutha. Ndinanena zimenezi mokweza, ndipo amake Zelipa, amene anali asanandiyankhule chiyambire dzulo lake, anaika pansi mbale imene ankatsuka.

"Mwana amene munamulera inuyo, aime pamaso pa mlendo n'kunena kuti atate anga ndi onama? Adzalola kuchotsedwa sukulu, koma zimenezo sadzanena. Mukudziwa bwino."

"Ndiye nditani?"

"Pakamwa pamene munaphunzitsira anthu anayi mpomwepo. Valani nsapato."

Mpongozi wanga anandiuza pa foni dzina la msewu wa a Pulofesa ku Woodlands, ndi mawu a munthu amene akupereka mpeni kwa wamisala. Ndinapinda kalendala ija, n'kuipanira m'khwapa monga mwa ntchito yanga yakale. Minibasi inanditsitsa patali, ndipo ndinayenda m'misewu ija ya mipanda yaitali, yopanda munthu woti n'kumufunsa, agalu okhaokha akundipatsirana kuchokera geti ili kufika geti linalo. Ndinagogoda nyumba ziwiri zolakwika. Pa yachitatu mlonda anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato n'kunena kuti ntchito ya m'munda inatha kale.

"Kauzeni a Pulofesa kuti kwabwera mwini maluwa," ndinatero.

Ndinawapeza kuseri akuthirira maluwa enieni ndi paipi (ndinaona kuti ena akuwapatsa madzi ambiri kuposa anzawo, koma tsiku limenelo ndinatseka pakamwa). Ndinavula chipewa n'kuyamba monga tiyambira kwathu, kuchokera kutali: za ulemu wa maphunziro, za mmene ndinafikira mu Lusaka, za bondo langa.

"Ba tate," anandidula, "kambani chamene mwabwelela."

Ndinatambasula kalendala pa tebulo la pakhonde. Mafunso asanu, mayankho asanu, zolemba zanga zokhota ngati mapazi a nkhuku, ndi mizere itatu pansi pa "mofanana". Ndinafotokoza zonse: chikwama chotsegula, mtengo wa mapeyala, kandodo, dzanja lamanja ndi lamanzere. Ndinati mwana wanga sanadziwe kanthu, ndipo ngati komiti ikufuna munthu woti imuchotse sukulu, ine ndilipo, ngakhale kuti ndinadzichotsa kale ndekha.

Anawerenga kalendala yonse. Atafika pansi pomwe ndinalemba kuti "Akafunsa, KANANI", anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, paipi ikuthirira nsapato zanga. Ine ndinayamba kusekerera nawo, poganiza kuti mlandu watha. Anasiya mwadzidzidzi.

"Musanabakonze, benze bakamba chani?"

Ndinawauza za mdzukulu wa ba Mulenga wowerenga ndege, za ba Sitali ndi banki, za mayi Moonga ndi nsapato. Kenako za mdzukulu wa Mama Kabedi ndi m'mimba mwa Lolemba. Pamene ndinkazinena pakhonde lija, kwa munthu amene ankamvetsera ndi nkhope yonse, zinamveka zolemera kuposa mmene zinamvekera pansi pa mtengo.

"Ba tate," anatero, "ichi ndiye chamene mwana wanu asakila zaka zonse izi. Munachipeza pa Chibili, mwachikwilila pa Chitatu." Anandiyang'ana kanthawi. "Nanga imwe, sukulu munasiyila chani?"

Ana anga onse amadziwa kuti ndinasiya chifukwa atate analibe ng'ombe yogulitsa. Ndi zimene ndakhala ndikunena zaka zonsezi, ndipo ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndinenenso. Koma ndinali nditatopa ndi mayankho okonza. Ndinawauza kuti pa sukulu yathu, kuyambira Sitandade 3, wogwidwa akuyankhula Chichewa ankavekedwa kathabwa ka chingwe m'khosi, ndipo ankakavula pokhapokha akagwira mnzake. Ine Chizungu chinkandikana, ndipo kugwira mnzanga sindinkafuna. Ndinakavala masiku anayi otsatizana, mpaka kupita nako kunyumba, atsikana a kumjigo akuwerenga masiku. Tsiku lachisanu ndinakapachika pa mtengo wa m'njira n'kutsata ng'ombe za amalume. Sindinabwererenso.

A Pulofesa anapita kukatseka madzi, ndipo anachedwako pang'ono. Atabwera anandipatsa tiyi ndi chigamulo. Mlandu wophika zotsatira sadzaulemba, chifukwa kalendala yayankha. Koma zojambula za Lachinayi zitayidwa. Anthu anga anayi sangafunsidwenso, chifukwa ndawawononga. Zelipa alembe lipoti la zimene zinachitika, kuphatikizapo kusiya mafunso poyera, apemphenso chilolezo, apeze anthu atsopano kudera lina. Zonsezi miyezi isanu ndi umodzi, mwina kupitirira. Anzake amene anayamba nawo adzavala mikanjo chaka chino, iye ayi.

"Palibe njira yachidule?" ndinafunsa. "Ine ndikhoza kupeza anthu ena mawa lomwe. Ku Emmasdale ndili ndi..."

"Ba tate."

"Ndamva."

Kalendala anaisunga ngati umboni. Mpaka lero pakhoma pathu pali msomali wopanda ntchito.

Zelipa anakhala miyezi iwiri osaponda pakhomo pathu. Amake ankapita okha ku Chelstone n'kubwera ndi nkhani zoyezera pa supuni: ali bwino, akugwira ntchito, sanakufunseni. Tsiku limene anzake ankavala mikanjo ndinakhala m'nyumba, wailesi yozimitsa, ndipo ba Mulenga atabwera ndi nsolo ndinawauza kuti bondo lavuta. Anthu atsopano Zelipa anawapeza yekha. Kumene anachezera nawo sindikudziwa, tsiku sindikudziwa, ndipo aliyense m'banja amene ndamufunsa amayamba kukamba za mvula. Za kathabwa kaja Zelipa sindinamuuzebe. Mwina aziwerenga pano.

Anabwera Loweruka lina masana, chikwama chili chotseka ndi zipi, n'kuchiika pamiyendo pake osati pa tebulo. Anandipatsa moni wonse bwinobwino, kufunsa za bondo, kenako anatulutsa pepala limodzi.

"Atate, a Pulofesa anati izi ziyenera kulowa m'buku langa. Ndati muzimve kwa ine musanazimve kwa wina."

Anawerenga m'Chizungu, kenako n'kumasulira. Linkanena kuti gulu loyamba la ofunsidwa linatayidwa chifukwa wachibale wina wachikulire wa wofufuza, pofuna kuthandiza, anawaphunzitsa mayankho. Linkapitiriza kuti zimenezi zinamuphunzitsa wofufuzayo chinthu chimene sanachipeze m'mabuku: makolo ambiri amaona aliyense wochokera kusukulu ngati woyendera, ndipo amabisa mavuto a ana awo pofuna kuteteza aphunzitsi, choncho mtsogoleri wa sukulu asamakhutire msonkhano wa makolo ukatha popanda dandaulo.



"Wachibale wachikulire ameneyo ndine?"

"Ndinu."

"Dzina mulibe?"

"Malamulo salola. Ndipo muthokoze."

"Koma ndiye kuti ndili m'buku la udokotala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona pakona ya mlomo wake pakugwedezeka, ngakhale anayesetsa kupagwira.

"Muli m'buku, Atate. Pa mutu wakuti Zovuta Zimene Wofufuza Anakumana Nazo."

"Tsamba lanji?"

"Atate!"

"Ndangofunsa."

Tsamba 94. Buku likadali kwa oyesa, mkanjo sunavalidwe, ndipo miyezi imene ndinamudyera mwana wanga sindingaibweze, zimenezo ndikuzidziwa ndipo zimandiluma. Ndaphunzira kuti munthu wophunzira akati "chabe", amatanthauza chabe. Koma pa nsolo, pa msika ndi pa maliro awiri apitawa, Chilenje yonse yamva kale kuti mdala wa Sitandade 4 analowa m'buku la yunivesite, tsamba 94, ndime yonse yakeyake. Mutu wa tsambalo palibe amene wandifunsa, ndipo ine sindiyankha mafunso amene sanafunsidwe.